Dzenje la a Fanuwelo

Ine ntchito yanga ndi yokumba zitsime, ngakhale palibe munthu pansi pano amene anamwapo madzi a m'chitsime changa. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti tisadzakangane kutsogoloku. Maenje ndakumba ambiri, akuya bwino, owongoka, a m'mbali mosalala, koma onse ouma gwa. Chimene ndinkafuna pa moyo wanga chinali chimodzi chokha, kuti ndisanafe ndidzaone madzi akutumphuka pansi pa dzenje lokumba ine.

Matenda amenewa anandipatsira ndi a Fanuwelo. Anafika chaka china cha chilala m'mudzi umene ndinali pachikamwini, nditangokwatira kumene mkazi wanga Nangondo. Anali munthu wamtali, woonda, piki paphewa, chingwe m'chiuno. Anazungulira mudzi katatu osalonjera munthu, kenako anagona chafufumimba pabwalo, khutu pansi, ngati munthu amene akumvetsera ndewu ya banja loyandikana nalo. Atadzuka anasasa fumbi pamalaya n'kunena liwu limodzi: "Apa." Tsiku lachitatu akazi ankaimba nthungululu, madzi ali mbwee m'ndowa. Ine ndi amene ndinkawakokera dothi ndi chingwe masiku atatuwo, ndipo chibadwire sindinaonepo munthu wamkulu ngati ameneyo.

Madzulo ake ndinawafunsa. "Bambo, pansipo mumamva chiyani?"

"Lero ndatopa, mphwanga," anatero. "Udzandipeze tsiku lina, ndidzakuuza."

Kutacha anali atapita.

Sindinafune kudikira tsiku linalo. Ndinagulitsa mbuzi ya Nangondo n'kugula piki ndi fosholo, ndinati mkazi wanga azitunga madzi pakhomo pake penipeni. Ndinazungulira nyumba katatu, n'kugona chafufumimba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi. Ndinamvadi kanthu kakuguguda, ndipo ndinadzuka n'kunena kuti, "Apa." Pambuyo pake m'pamene ndinazindikira kuti chinkagugudacho chinali mimba yanga. Ndinakumba milungu iwiri mpaka kumwamba kunatsala kang'ono ngati mbale, koma pansi panali fumbi lokhalokha. Apongozi anga aakazi, amene mwa mwambo sitinkayankhulana maso ndi maso, anatumiza mawu kudzera kwa mwana wawo. Anati athokoza kwambiri, chimbudzi ankachifuna kuyambira kalekale.

Ndinachoka m'mudzimo ndi manyazi, n'kumuuza Nangondo kuti ndibwera ndikawapeza a Fanuwelo.

Kuyambira pamenepo zaka zinayamba kufanana, moti sindingathe kuziika mundondomeko. Kunali mudzi wa m'mphepete mwa phiri kumene ndinazungulira katatu, ndinagona, ndinati "Apa," ndipo dzenjelo analifolera ndi udzu n'kuikapo chitseko cha thumba. Kunali mudzi wa m'dambo kumene achule ankasokosa usana ndi m'mawa womwe. Kumeneko ndinati zatheka, chifukwa ngakhale ng'ombe ikaponda, m'mapazi mwake munkadzaza madzi. Ndinakumba pakati penipeni pa dambolo. Achule anasamuka.

Kunalinso tauni ya oumba njerwa. Iwo anandikonda, ankanditsatira ndi mawilibala kuti azitola dothi limene ndinkatulutsa, ndipo anandiphunzitsa kuumba ndi kuotcha uvuni. Ndinaphunzira, koma mtima sunali pamenepo. Kutauni ina ndinagulitsako madzi a m'zigubu, ndinati mwina ndikamawanyamula tsiku ndi tsiku adzandizolowera. Mpopi umene tinkatungapo unauma mwezi womwewo, ndipo anzanga ogulitsa madzi anandiperekeza mwaulemu mpaka pamsewu wotulukira.

Mbiri inayamba kunditsogolera. Tsiku lina mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anandichingamira ndi manja awiri, n'kundipatsa mpando ndi tiyi wamkaka.

"Tamva za luso lanu, akulu," anatero. "Tikufuna zitsime zanu zija zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa makalasi. Zitatu za anyamata, zitatu za atsikana."

Ndinakumba, chifukwa njala ilibe manyazi. Koma pa dzenje lililonse ndinayamba ndagona kaye pansi, khutu padothi, ndipo pa dzenje lililonse ndinkayembekezera kuti mphunzitsiyo akhumudwa. Sanakhumudwe.

Kulikonse kumene ndinkafika ndinkafunsa za munthu wamtali wa chingwe m'chiuno. Anthu ankanditengera pachitsime chawo, ndipo ndinkachizindikira ndi timapazi timene a Fanuwelo ankasema m'mbali potsikira. Ndinkamwa madzi awo ozizira, n'kufunsa kumene analowera. Nthawi zonse anthu ankaloza ndi mlomo kumunsi, kumene mitsinje imapita. Mudzi wina anati anadutsa chaka chatha. Mudzi wotsatira anati anadutsa agogo awo ali anyamata. Ine ndinkangoyenda.

Kamodzi ndinabwerera kwa Nangondo. Ndinamupeza atanenepa, ali ndi ana anayi, atakwatiwa ndi bambo wina wokonza mijigo. Sanandikalipire. Anandiyalira mkeka, n'kugwada pondipatsa madzi akumwa m'kapu yoyera. Ndikanakonda akanandigenda ndi chikuni. Madziwo ndinamwa onse, n'kupitiriza ulendo wanga.

Imvi zitayamba, ndinakumana ndi mtchona wina pamsika wa kumalire, akubwerera kwawo ndi sutikesi yopanda chogwirira. Nditatchula dzina la a Fanuwelo anavula chipewa.

"Anatisiya amenewo," anatero. "Ali kutsidya, kumanda a tauni ya m'mphepete mwa madzi amchere."

Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa ogulitsa tomato, ndipo ndinalira ngati wafedwa bambo wondibereka. Koma misozi itaphwa ndinaganiza bwino. Zaka zonsezi munthuyu ndinkamulephera chifukwa ankayenda. Tsopano anali atakhazikika. Ndiponso akufa amayankha, bola uwafikire mwaulemu. Ndinagula ufa woyera wa nsembe, tsache latsopano lolambulira pamanda, ndi nkhuku yaikazi yopepesera eni manda.

Pachipata cha malire panali msilikali wolankhula Chichewa chopindika cha anthu a kumeneko. Anayang'ana chitupa changa, kenako katundu wanga.

"Mukupita kuti, madala?"

"Kumanda, kukaona munthu."

"Ndi piki ndi fosholo?"

"Eya."

"Mukukamufukula?"

"Ayi, ndikukamufunsa."

Ananyambita ufa wanga pang'ono, anayang'ana nkhuku, nkhuku nayo inamuyang'ana. Kenako anadinda chitupacho mofulumira n'kuuza mnzake kuti andisiye ndidutse, asandikhudze.

Dziko la kutsidyalo linali lathyathyathya, lonyowa ngati siponji. Nkhuku ya kumeneko ikapalasa kawiri ndiye kuti yakumba chitsime, ndipo ndikuvomera kuti ndinazichitira nsanje nkhukuzo. Ndinamangirira yanga pamtengo, ndinavula malaya, n'kukumba m'mphepete mwa munda wa mpunga, madzi ali kuno ndi uko. Ndinafika m'chiuno, ndinafika m'khosi. Fumbi. Anthu anasiya mpunga wawo n'kubwera kudzaonerera, ena anatapako dothi louma m'manja kukaonetsa kunyumba. Ndinavala malaya anga n'kupitiriza ulendo osayang'ana munthu kumaso.

Manda a tauniyo anali ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo lotsegula. Pageti panali mlonda atakhala pampando, wailesi pamwendo. Mwamwayi mayi ake anali a kwathu kuno, choncho tinkamvana. Ndinanjuta patali, ndinaomba m'manja, n'kunena kuti ndine mlendo, ndikufuna eni manda anditsekulire njira.

"Lowani," anatero mlondayo.

"Wanditsekulira ndani?"

"Geti ili lotsegula, simukuliona?"

"Geti ndaliona, achimwene. Ndikunena njira."

Kwathu kumanda sulowa ngati ukulowa m'sitolo. Pamakhala mwini wake amene amatsogola, n'kuwauza ogonawo kuti kukubwera anthu. Ukalowa wekha anthu amakutcha mfiti, ndipo ogonawo amakutembenukira msana. Ine ndinali nditayenda moyo wanga wonse kudzafunsa funso limodzi, ndiye sindikanayamba ndi mwano. Koma pamene ndinali chinjutire, mnyamata wina analowa pagetipo ndi njinga, kudula njira yopita kumsika. Pambuyo pake panadutsa amayi awiri akutafuna mtedza. Ndinatseka maso kuwachitira manyazi.

Mlondayo anati ngati ndikufunadi mwini manda, ndiye khonsolo. Ndinapita ku ofesi ya khonsolo ndi nkhuku yanga, ndinagwada pamaso pa kalaliki, n'kuipereka ndi manja awiri. Kalalikiyo anailandira ndi manja awirinso, anaipapasa pachidali, n'kundiuza ndi zizindikiro kuti ndibwere mawa. Mawa lake anati mawa. Tsiku lachitatu ndinamupeza akutokosa m'mano, ndipo sanandizindikire.

Ndinabwerera pageti n'kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikudziwa kuti ndinakhala masiku angati. Mvula inagwa n'kukata, mlonda anayamba kundigawira mpunga wake, ndipo odutsa ena ankandiponyera makobidi poyesa ndine wopemphetsa. M'mawa uliwonse mlondayo ankati, "Lowani," ine n'kuyankha kuti, "Wanditsekulira ndani?" Tinafika pomangolonjerana choncho.

Lamulungu lina kunabwera mayi wachikulire, wamfupi, wojintcha, atavala majombo a mphira, ndowa m'manja. Mlonda anandikodola.

"Mwini wa munthu wanu uja ndi awa. Mayi Rozita, mkazi wa malemu Fanuwelo."

Ndinagwada m'matope momwemo n'kufotokoza zonse, kuyambira mbuzi ya Nangondo. Mayiyo anamvetsera manja ali m'chiuno. Chichewa anaphunzira kwa mwamuna wake yekha, choncho ankayankhula ngati bambo wachikulire wa kwathu, ndipo ankatcha aliyense mphwake.

"Ndiye ukufuna ndichite chiyani, mphwanga?"

"Mutsogole, mayi, muwauze kuti kwabwera mlendo."

Anatembenukira kumanda, anakoka mpweya, n'kukuwa mpaka akhwangwala anauluka pampanda: "Fanuwelo, kwabwera wakwanu. Usachite mwano." Kenako anandiyang'ana. "Zakwana?"

Kwathu sitikuwa choncho, koma njira inali itatsekulidwa, ndipo ndinalowa.

Tinatsikira kumunsi kwa mandawo, kumene dothi linayamba kumata mapazi. Kenako madzi anafika m'kakolo, kenako m'mawondo. Mayi Rozita anaima pamtanda wathabwa umene unkangooneka mutu ndi mikono, chule atakhala pamwamba pake.

"Ndi uyu," anatero.

Ndinaima ndi tsache langa latsopano m'manja. Ndinayesa kusesa kawiri katatu, madzi n'kumabwerera pomwepo. Ndinamasula ufa, ndinanjuta mpaka thalauza lonse linanyowa, n'kuuthira pang'onopang'ono patsinde pa mtanda monga timachitira. Ufawo unayandama, ndipo tinsomba tinabwera n'kuyamba phwando. Komabe ndinayankhula.

"Bambo, ndi ine uja ndinkakukokerani dothi chaka cha chilala. Munati ndidzakupezeni tsiku lina. Ndakupezani. Ndataya mkazi, ndataya mbuzi, ndataya dzina, ndakumbira dziko lonse zimbudzi. Sindikupempha chuma. Ndiuzeni chabe chimene munkamva pansi paja."

Ndinadikira. Chule analumphira m'madzi, basi.

Mayi Rozita anali atayamba kale kukapa madzi ndi ndowa yake, kuwataya uko, iwo n'kumabwerera. Anati amachita zimenezi Lamulungu lililonse chimuikire m'manda mwamuna wake. Akukapa choncho anandisimbira zimene sindinkadziwa. Kumeneko palibe amene ankafuna wokumba zitsime, ndiye a Fanuwelo analowa ntchito yokumba manda. Dzenje lililonse limene anakumba linatulutsa madzi, ngakhale pachulu. Anamfedwa ankafika ndi bokosi n'kupeza dziwe. Khonsolo inawachotsa ntchito, ndipo anakhala pakhonde zaka zawo zotsiriza, akudwala nyamakazi, akuopa kuzizira.

"Madzi ankamukonda kuposa mmene ndinkamukondera ine," anatero. "Dzenje ili anakumba ena, linali louma. Titangomutsitsa, madzi anamulondola. Munthu ankagona ndi mabulangete atatu, mphwanga, lero ali m'menemu."

Apa anakapa madzi mwamphamvu kuti ndisaone nkhope yake.

Anapitiriza kuti khonsolo inamulola kusamutsira mwamuna wake kumtunda. Okumba anayesa malo awiri, ndipo konseko madzi anafika msanga kudzadikira mwini wawo. Tsopano panatsala kamalo kamodzi, pakati pa mpanda ndi mtengo wa mango. "Madzi a kuno ukangowatsegulira khomo limodzi, amalowa nyumba yonse," anatero. "Pakatuluka dontho pamenepo, malo onsewo aonongeka, ndipo kwina kulibe."

Mlonda, amene anatitsatira n'kuima pouma, anatsokomola. Anati kumsika kukumveka mbiri ya mlendo amene anakumba m'munda wa mpunga n'kutulutsa fumbi. Onse awiri anayang'ana piki yanga.

Sindinadziwe ngati ndanyozedwa kapena ndalemekezedwa. Ndinabwera kudzapempha madzi kwa mwini madzi, ndipo ankandipempha chilala changa. Koma ndinayang'ana mtanda uja uli m'madzi mpaka m'khosi, ndipo ndinavomera. Mwa mwambo zinalinso bwino, pakuti manda sakumba wachibale, amakumba adzukulu, ndipo ine sindinali mbale wawo.

M'mawa wa tsiku losamutsa anthu anadzaza kumtundako. Kalaliki wa nkhuku yanga uja analiponso, atavala tayi, kuti aone ngati malowo ali oyenera. Ndinazungulira kamaloko katatu, chifukwa chizolowezi sichimva manyazi, n'kugona chafufumimba pafupi ndi mpanda, khutu pansi.

Ndinamva.

Sinali mimba, imeneyo ndimaidziwa mawu ake. Zinali ngati anthu ambiri akuyankhula motsitsa m'nyumba yotseka chitseko, ndipo mmodzi akuseka. Ndinagona pomwepo nthawi yaitali. Nditadzuka pakamwa panga panatuluka pokha kuti, "Apa."

Ndinakumba. Nditafika m'mawondo dothi linasintha, linada, linazizira, linayamba kumata piki. Ndinagwada n'kulikanda ndi zala, ndipo linalowa m'zikhadabo lofewa ngati phala. Pansi pa dzenjelo pankachita thukuta. Panatsala mkono umodzi, mwina osakwana. Kumenya piki kasanu kokha, ndikanaona chimene ndinachisaka kuyambira tsitsi lili lakuda, pamaso pa khamu la anthu, ndipo mbiri ikanayenda mpaka pakhomo pa wokonza mijigo. Munthu wamkulu uja anali atasunga lonjezo lake, ndipo ndinasangalala mpaka ndinachita mantha.

"Kuli bwanji m'menemo, mphwanga?" anafunsa mayi Rozita ali pamwamba.

Kumbuyo kwake ndinaona bokosi latsopano limene anaikamo mafupa a mwamuna wake. Analifunditsa bulangete.

"Muli mizu ya mango, mayi," ndinatero. "Apa sipatheka."

Ndinatuluka msanga, n'kubwezera dothi lakudalo pansi anthu asanalione, louma pamwamba. Ndinapondaponda ndi mapazi onse awiri mpaka panalimba, ndipo phazi lililonse linkandiwawa mumtima. Kalaliki anayang'ana wotchi. Ndinasuntha mapazi asanu, ndinagona, mawu aja ankamvekabe chapatali. Ndinasunthanso mpaka pangodya penipeni pa malowo. Pamenepo ndinapeza chete wanga wakale uja, amene ndinayenda naye zaka zonse, ndipo ndinamulonjera ngati mnansi.

Dzenje limenelo ndi labwino kuposa onse amene ndinakumbapo. Linali lakuya, lowongoka, louma moti fumbi linkatsokomoletsa anthu pamwamba. Titatsitsa bokosi tinadikira kuona ngati madzi amulondola. Sanabwere. Mayi Rozita anavula majombo ake n'kukhala pansi.

Mlonda anakwera pamulu wa dothi n'kuyankhula m'chinenero chawo, kenako anamasulira kuti nanenso ndimve. "Bambo awa ndi katswiri. Chibadwire sanapezepo madzi, ndipo sadzawapeza." Anthu anaomba m'manja, kalaliki yemwe. Ndinavula chipewa n'kuwerama.

Pageti mayi Rozita anali ataika beseni la madzi, chifukwa mwamuna wake anamuphunzitsa kuti kwathu pochoka kumanda timasamba m'manja, za kumanda zitsale kumanda. Anthu anasamba mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga, mayiyo anandigwira dzanja n'kulitembenuza. Anayang'ana dothi lakuda lija m'zikhadabo zanga, lidakali lonyowa. Anakhala zaka zambiri akuchapa malaya a wokumba zitsime, ndiye sanafunikire kufunsa.

"Mizu ya mango ija," anatero motsitsa.

"Eya, mayi."

Anandifinya dzanjalo mwamphamvu, n'kulisiya.

Ine amene ndinakhala pageti limenelo masiku osawerengeka chifukwa cha mwambo, ndinalambalala besenilo manja ali m'matumba. Dothilo ndinayenda nalo tsiku lonse, osadya, osagwira kanthu, osapatsa munthu moni wa padzanja. Tsiku lachiwiri, ndili panjira, linauma lokha n'kuyoyoka.